GALIMOTO YOPITIRA KUNTCHITO NDI GALIMOTO YOGWIRIRA NTCHITO: KODI INSHUWALANSI ITETEZA ULENDO UTI?

Masiku ano si chachilendonso kuona galimoto itaima pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa mphunzitsi wa kumudzi, kapena njinga yamoto itatsamira khonde la mlangizi wa zaulimi. Alimi ena a fodya ndi a mbatata ya kachewere agulanso timalole tawo. Onsewa adziwa kuti galimoto siiloledwa kuyenda pamsewu popanda inshuwalansi, ndipo chaka ndi chaka amakalipira, nalandira kapepala komata pagalasi koti apolisi apamsewu aone. Koma ambiri a iwo aganiza kuti kapepalako kakangomatidwa, ulendo uli wonse umene galimotoyo iyenda uli wotetezedwa. Maganizo amenewa ndi olakwa, ndipo akhoza kumgulitsitsa munthu ng'ombe zake ndi malata a nyumba yake omwe.

Kampani ya inshuwalansi imateteza galimoto pamene ikugwira ntchito imene mwini wake anaitchula pa tsiku lolembetsa. Galimoto yopitira kuntchito ndi galimoto yogwirira ntchito zimveka ngati chinthu chimodzi m'makutu, koma m'mabuku a kampani ndi zinthu ziwiri, ndipo mtengo wake ndi wosiyana.

LAMULO LINENA CHIYANI

Lamulo la pamsewu la dziko la Malawi, lotchedwa Road Traffic Act la chaka cha 1997, lilamula kuti mwini galimoto akhale ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena amene galimoto yake ingawavulaze kapena kuwapha. Imeneyi ndiyo itchedwa third party, ndiko kunena kuti ya munthu wachitatu. Woyamba ndi mwini galimoto, wachiwiri ndi kampani, ndipo wachitatu ndi munthu wina wopezeka m'ngoziyo, monga mayi wosenza nkhuni m'mphepete mwa msewu kapena mwana wochokera kusukulu. Inshuwalansi yotere siikonzetsa galimoto ya mwini wake ikaphwanyika. Wofuna kuti galimoto yakenso itetezedwe ku ngozi, ku moto ndi kwa mbala amagula ina yodula, yotchedwa comprehensive.

Maiko ambiri ali ndi lamulo lotere. Ku Britain linayamba m'chaka cha 1930, magalimoto atachuluka, ndipo kutaoneka kuti ovulala ambiri sanali kulandira kanthu chifukwa wowagundayo analibe chuma cholipirira. Chotero lamuloli linaikidwa makamaka chifukwa cha wogundidwa. Kuno lamulo lilola wovulala kusumira kampani yeniyeniyo kuti imlipire chipepeso, koma kampani siipyola malire a ndalama amene alembedwa papepala la mgwirizano. Bwalo likagamula ndalama zoposa malirewo, zotsalazo zimakhala pamutu pa mwini galimoto ndi woyendetsa.

CHIFUKWA CHAKE MTENGO USIYANA

Anthu a m'midzi adziwa za magulu osonkha ndalama zothandizana pa maliro. Ali yense aponya pang'ono m'thumba, ndipo amene zovuta zamgwera ndiye athandizidwa. Inshuwalansi iyenda chimodzimodzi, kungoti kampani iyamba yayeza kuti ngozi ili pafupi motani ndi munthu ali yense, ndipo amene ngozi ili naye pafupi aponya zambiri. Kukanakhala kupondereza kuti gogo wopuma pantchito, amene atulutsa galimoto yake Lamulungu lokha popita kutchalitchi, azilipira mofanana ndi mnyamata wothamanga pamsewu kuyambira tambala woyamba mpaka usiku.

Masamu ake ndi osavuta. Mwachitsanzo, mphunzitsi wokhala makilomita 10 kuchokera pasukulu ayenda makilomita 20 pa tsiku, ndipo pa masiku asanu akwanitsa makilomita 100. Msewu wake ndi umodzimodzi, adziwa pamene pali dzenje ndi pamene mbuzi zimadutsa, ndipo usana wonse galimoto imakhala itaima pamthunzi. Galimoto yonga yomweyo ikamanyamula anthu pakati pa msika ndi boma, mtunda wa makilomita 40, nkupita ndi kubwera katatu pa tsiku, iyenda makilomita 240 tsiku limodzi, ndipo pa masiku asanu ndi limodzi ikwanitsa makilomita 1,440. Kumeneko ndi kuposa mphunzitsi uja kokwana ka 14. Woyendetsa wake amakhala wotopa, amathamangira kuti mnzake asamlande okwera, amaima mwadzidzidzi pali ponse pamene munthu wakweza dzanja, ndipo matayala ndi mabuleki zimatha msanga.

Koma chimene kampani iopa kwambiri ndi anthu okwerawo. Mphunzitsi akagwera m'ngalande ali yekha, wovulala ndi mmodzi. Galimoto ya mipando isanu ndi iwiri ikagubuduka itanyamula anthu khumi, pamakhala mabanja khumi ofuna chipepeso, ena a iwo atataya bambo wowadyetsa.

Tsono kampani ilibe maso oonera kumene galimoto ipita. Idalira mau a mwini wake. Mfundo imeneyi ndi yakalekale. M'chaka cha 1766 woweruza wina wa ku England, Lord Mansfield, pogamula mlandu wa Carter ndi Boehm, anafotokoza kuti wogula inshuwalansi ndiye kawirikawiri adziwa zenizeni za chinthu chimene chitetezedwa, ndipo chifukwa cha ichi sayenera kubisa chimene akuchidziwa. Malamulo asintha m'maiko ena kuyambira nthawiyo, koma phata lake likalipobe: wofunsidwa kuti galimoto idzagwira ntchito yanji ayenera kuyankha zoona. Akanama kuti alipire zochepa, kampani ikhoza kukana mgwirizanowo pa tsiku lomwe mwini galimoto aufuna kwambiri.

MAU OYENERA KUWAFUNAFUNA PAPEPALA

Kapepala ka pagalasi sikanena zambiri. Nkhani yonse ili m'mapepala amene munthu apatsidwa polipira, amene ambiri amangowapinda nkuwaika m'sutikesi osawawerenga. M'menemo mumakhala ndime imene kawirikawiri mutu wake ulembedwa m'Chingerezi kuti "Limitations as to use", ndiko kuti malire a ntchito ya galimoto. Wosadziwa Chingerezi apemphe mphunzitsi amwerengere ndime imeneyi, ngakhale zina zonse atazisiya.

Galimoto ya pakhomo imalembedwa kuti ndi ya "social, domestic and pleasure". Amenewa ndi maulendo a banja: kupita kutchalitchi kapena kumzikiti, kukaona apongozi, kutengera mwana kuchipatala, kupita kuchigayo, kukagula ndiwo kumsika, kukaonera mpira. Za ulendo wopita kuntchito m'mawa ndi kubwerera madzulo makampani asiyana. Ena auwerengera pamodzi ndi maulendo a banja, ena afuna kuti utchulidwe pawokha. Ena amawonjezeranso mau olola mwini galimoto kuiyendera pa ntchito yake, ena salola. Nchifukwa chake munthu sayenera kudalira zimene mnzake wamuuza za pepala lake, pakuti mapepala a anthu awiri ogwira ntchito pasukulu imodzi akhoza kusiyana.

Kupita kuntchito kutanthauza kuchoka kunyumba kupita pamalo amodzi pamene munthu agwira ntchito masiku onse, nkubwerera. Mphunzitsi wamkulu wopita kusukulu yake ali m'gulu limeneli. Koma PEA, amene ayendera sukulu zonse za m'zoni yake, galimoto kapena njinga yake ikugwira ntchito, chifukwa kuyendako ndiyo ntchito yake imene. Chimodzimodzi mlangizi wa zaulimi woyendera makalabu a alimi, mlangizi wa zaumoyo wopita ku sikelo za m'midzi, ndi m'busa woyendera mipingo yaing'ono pa njinga yakeyake. Ndipo mphunzitsi wamkulu yemwe uja, tsiku limene atuma galimoto yake kukatenga mabuku a sukulu ku ofesi ya maphunziro kuboma, wachoka pa ulendo wopita kuntchito, walowa pa ulendo wa ntchito. Chizindikiro chimodzi chosavuta ndi ichi: ngati abwana apereka ndalama ya mafuta ya ulendowo, ndiye kuti ulendowo ndi wawo, ndipo mwini galimoto aone ngati pepala lake liulola.

Kawirikawiri kuwonjezera mau a ntchito yotere sikudula kwambiri poyerekeza ndi kunyamula anthu olipira. Zimvetsa chisoni kuti munthu ataye chitetezo chonse chifukwa cha funso limodzi limene sanalifunse.

Pa katundu paliponso kusiyana. Kututa chimanga cha banja kuchokera kumunda kupita kunkhokwe ndi ntchito ya pakhomo. Kunyamula madengu a tomato kukagulitsa ku Lizulu, kapena matumba a kachewere kuchokera ku Tsangano kupita kutauni, ndi malonda, ndipo mapepala ambiri a galimoto ya pakhomo amakana kunyamula katundu wa malonda. Mlimi wa lole yaing'ono amene atengera mabelo ake a fodya ku okushoni ya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu afunika inshuwalansi ya galimoto ya malonda yonyamula katundu wa mwini wake. Akayamba kunyamulanso mabelo a anzake, namawalipiritsa pa belo lili lonse, walowa gulu lina lachitatu, la onyamula katundu wa anthu ena kuti alipidwe. Adziwenso kuti inshuwalansi ya galimoto siikhudza fodyayo. Katundu ali ndi inshuwalansi yakeyake.

MATOLA NDI KABAZA

Mau amene apha ambiri ndi akuti "hire or reward", kutanthauza kubwereketsa galimoto kapena kunyamula anthu ndi katundu kuti munthu alipidwe. Pafupifupi pepala lili lonse la galimoto ya pakhomo likana ntchito imeneyi poyera. Kumudzi ntchitoyi idziwika ndi dzina lakuti matola.

Wofuna kunyamula anthu olipira ayenera kupita ku Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene anthu amangoitcha a Road Traffic, kukatenga chilolezo cha ntchitoyo. Galimoto yake iyenera kuyesedwa kuti ikhale ndi COF, ikhale ndi nambala yofiira ya magalimoto olipitsa, woyendetsa akhale ndi chilolezo choyendetsera anthu, ndipo inshuwalansi yake ikhale yotchula okwera olipira ndi chiwerengero chawo. Zonsezi zidya ndalama, ndipo ndicho chifukwa chake magalimoto ambiri a Sienta ndi ena otere amaoneka akuitanira anthu pa siteji ali ndi nambala za magalimoto a pakhomo.

Si onse ochita matola amene anagula galimoto ndi cholinga chimenecho. Nkhani imayamba pang'onopang'ono. Mphunzitsi achoka kuboma kumene wakalandira malipiro, apeza anthu atatu pa siteji akudikira minibasi imene siikubwera, mafuta akwera mtengo, ndipo mipando ya kumbuyo ilibe munthu. Awakweza, nawalipiritsa monga minibasi ikadawalipiritsa. Sabata yotsatira achitanso, ndipo posakhalitsa anthu a m'deralo adziwa ora limene galimoto ya aphunzitsi imadutsa. Tsiku lina tayala liphulika pa mtsetse, galimoto igubuduka, mayi mmodzi athyoka msana.

Ena aganiza kuti kampani siingadziwe. Koma pa ngozi yovulaza anthu apolisi amalemba mau a ali yense amene anali m'galimoto, ndipo funso loyamba ndi lakuti anakwerera pati, nanga woyendetsa ndi mbale wake kapena ayi. Munthu wogona m'chipatala alibe chifukwa chobisira kuti analipira, makamaka pamene abale ake ayamba kufunsa za chipepeso. Kampani imawerenga lipoti la apolisi isanalipire kanthu, ndipo pa ngozi yaikulu imatuma munthu wake kukafufuza. Zikadziwika kuti anali matola, kampani ikhoza kukana kukonzetsa galimoto ngakhale inali pa comprehensive. Pa za ovulala ikhoza kukana kulipira, kapena ikalipira ikhoza kubwerera kwa mwini galimoto kuti aibwezere ndalamazo. Ngati galimotoyo inagulidwa pa ngongole ya kubanki kapena ya ku SACCO, ngongoleyo siifa pamodzi ndi galimoto. Imadulidwabe pa malipiro mwezi ndi mwezi pamene chitsulocho chikuchita dzimbiri kuseri kwa nyumba.

Za kabaza ndi chimodzimodzi. Ogwira ntchito ambiri agula njinga yamoto, naipereka kwa mnyamata kuti azinyamula anthu ndi kubweretsa ndalama madzulo. Njingayo ikhale kuti inalembetsedwa monga yopitira kuntchito, ndiye kuti ulendo uli wonse wa mnyamatayo uli kunja kwa mgwirizano. Mnyamatayo akakhala wopanda laisensi vuto liwirikiza, pakuti mapepala amafunanso kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera. Ndipo ngozi ikachitika, ovulala sathamangira mnyamata wopanda kanthu uja. Amafunafuna mwini njinga, amene ali ndi malipiro ndi nyumba. Wobwereka galimoto kwa mphwake Loweruka afunsenso kumene ipita, chifukwa mphwakeyo akachita nayo matola mlandu umafika pakhomo pa amalume.

NANGA WOTHANDIZA MAFUTA?

Pamudzi pamene galimoto ili imodzi yokha, mwini wake sangakane kutengera mayi wodwala kuchipatala usiku, kapena kunyamula anamfedwa popita kumanda, ndipo mwambo wake ndi wakuti abale athandize mafuta. Kodi amenewa ndi matola? Kusiyana kumene anthu a inshuwalansi amayang'ana ndi kwa phindu ndi chizolowezi. Kuthandizana mafuta pakati pa anansi pa ulendo wa mwadzidzidzi ndi kwina, ndipo kuika mtengo wodziwika wotengera wodwala ali yense kuchipatala, mwini galimoto natsala ndi phindu, ndi kwinanso. Ku Britain lamulo la Road Traffic Act la 1988 linalemba poyera kuti anthu ogawana mtengo wa ulendo m'galimoto yaing'ono sawerengedwa monga okwera olipira, malinga ngati ndalama zonse siziposa zimene ulendowo wadya ndipo anapangana ulendo usanayambe. Limenelo ndi lamulo la kumeneko. Mwini galimoto wa kuno amene anansi amadalira galimoto yake achita bwino kufunsa kampani yake za maulendo otere, ndipo yankho alilandire lolembedwa. Aphunzitsi anayi osonkherana mafuta popita kusukulu imodzi tsiku ndi tsiku afunsenso chimodzimodzi.

KWA AMENE ANA AWO ALI KU BRITAIN

Kuyambira m'chaka cha 2022 mpaka 2025 dziko la Britain linali kulola anthu a maiko ena kukagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo ena ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe anapita. Ambiri a iwo ayenera kukhala ndi galimoto, chifukwa ntchito yawo ndi yoyendera okalamba m'nyumba zawo, nyumba zingapo pa tsiku. Kumeneko kusiyana kumene kwafotokozedwa pano kumatsatidwa mosanyengerera. Wogula inshuwalansi amasankha ngati galimoto ndi ya maulendo a banja okha, kapena ya banja ndi kupita pamalo amodzi a ntchito, kapena ya ntchito. Wosamalira okalamba woyenda nyumba ndi nyumba afunika yachitatuyi, ngakhale sanyamula munthu kapena katundu. Wopereka chakudya kapena maphukusi m'makomo madzulo kuti awonjezere ndalama zotumiza kumudzi afunika inanso ya "hire and reward".

Wopezeka akuyendetsa pa ntchito imene pepala lake sililola amatengedwa monga wopanda inshuwalansi. Apolisi akhoza kumlipiritsa mapaundi 300, kumuikira mapointi 6 pa laisensi, ndi kulanda galimoto pomwepo. Amene sanathe zaka ziwiri chikhozereni mayeso a kuyendetsa a kumeneko, mapointi 6 okhawo akwanira kumlanditsa laisensi, ndipo laisensi ikapita ntchito yoyendera okalamba ithera pomwepo. Makolo olankhula ndi ana awo pa foni angathe kuwafunsa za nkhaniyi, pakuti ndalama ya fetereza ndi ya fizi ya adzukulu imachokera m'galimoto imeneyo.

ZOCHITA NTCHITO YA GALIMOTO IKASINTHA

Munthu sayenera kudikira kuti chaka chithe. Mphunzitsi akakwezedwa kukhala PEA, kapena mlimi akaganiza zoyamba kunyamula katundu wa anzake, apite ku kampani kapena kwa wothandizira wake asanayambe ntchito yatsopanoyo. Kampani imawerengera ndalama yowonjezera ya miyezi yotsala, nilemba pepala losintha mgwirizano. Mau a pakamwa a kalaliki akuti "palibe vuto" sathandiza pa tsiku la mlandu. Chofunika ndi pepala lokhala ndi chidindo, ndipo lisungidwe pamodzi ndi lisiti.

Inshuwalansi igulidwe ku ofesi ya kampani kapena kwa wothandizira wovomerezeka. Madobadoba oyendayenda pafupi ndi maofesi, olonjeza kapepala ka pagalasi pa mtengo wotsika, ena a iwo amagulitsa mapepala abodza, ena amalembetsa galimoto ya matola monga ya pakhomo kuti mtengo uchepe, mwini wake osadziwa. Wosainira fomu ndiye amene adzayankhe, chotero aiwerenge yekha ndi kuona chimene chalembedwa pa funso la ntchito ya galimoto.

Ngozi ikachitika, mwini galimoto auze apolisi msanga, auzenso kampani m'masiku amene atchulidwa papepala, ndipo asalonjeze kulipira munthu ali yense kampani isanadziwe. Kampani ikakana kulipira, apemphe kuti chifukwa chake chilembedwe m'kalata. Akaona kuti ulendo wake unali wololedwa ndipo kampani yamlakwira, ayambe wadandaula kwa akuluakulu a kampaniyo. Zikakanika pamenepo, makampani a inshuwalansi kuno ayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi imeneyo ilandira madandaulo a anthu wamba. Wodandaula atumize kalata yofotokoza nkhani yake pamodzi ndi makope a pepala la mgwirizano, malisiti, lipoti la apolisi ndi kalata yokana ija, koma mapepala enieniwo asunge kunyumba.